Paulino Ndinamugoneka Ndine

Mwana wanga Tomasi,

Poyamba ndimaganiza zokuuza kuti kalatayi ukaitsegule mawa, mukakwera komboyo, sitima ya pamtunda ija, ku Cuamba. Ndasintha maganizo. Ukabwera masana ano kudzatenga thumba la matemba limene mayi ako akukonzerani, ndikupatsa m'manja, ndipo uiwerenge lero lomwe, chifukwa mwana wako Lusiya agona lero lomwe. Usaseke zilembo zangazi. Ukudziwa kuti sukulu yanga ndi ija ya ku Malawi, nthawi imene tinathawira nkhondo, ndipo inathera panjira. Iwe ndiwe mphunzitsi tsopano, Chipwitikizi umachilankhula ngati unabadwa nacho. Koma zimene ndikufuna kunenazi sindingathe kuzinena m'chilankhulo china.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga kwa posachedwa. Lamulungu lapitali ndinabwera kwa apongozi ako kudzaona mwana. Unandilowetsa m'chipinda kuti ndione kolishau yatsopano, matiresi aja, imene mwagula yokagonera ku Lichinga, unkaidina ndi dzanja n'kumati, "Bambo, taonani kufewa kwake." Ine kolishauyo sindinaione bwino. Ndinaona Lusiya, wa miyezi iwiri, atagona chafufumimba pakati pake, kankhope katalowa mu pilo, kumutu atamufunditsa chitenje cha kapulana poopa ntchentche. Ndinkafuna kufuula, koma Amina mkazi wako anali pomwepo pamodzi ndi amayi ake, ndipo iwe ukudziwa kuti mwamuna salowerera nkhani za khanda pamaso pa apongozi. Ndinangoti, "Wakula ndithu," n'kutuluka panja, n'kumanamizira kuona tcheni cha njinga. Kuyambira tsikulo chakudya sichikulowa. Manyazi anandimanga pakamwa, ndipo si koyamba.

Iwe ukudziwa kuti usanabadwe panali mwana wina. Tinakuuza kuti anamwalira ndi malungo. Sanali malungo. Dzina lake anali Paulino, ndipo anakhala nafe miyezi itatu ndi masiku pang'ono.

Nthawi imeneyo tinali titangobwerera kuchokera ku Malawi, zaka zochepa mtendere utabwera. Anthu ankakonza mabwinja, ena ankafunafuna pamene panali minda ya makolo awo. Ine ndinakwatira mayi ako n'kukhala kwawo kuno ku Chiuta monga mkamwini. Ndinalibe kanthu koma manja awiriwa ndi bwato la eni limene ndinkapalasa. Tinkalowa m'nyanja dzuwa likapendeka, n'kubwerako kutacha. Paulino atabadwa ndinkadzimva kuti tsopano ndine munthu. Anali wonenepa, wa tsitsi lambiri, ndipo ndikamuyimbira mluzu ankatukula nsidze ngati munthu wamkulu amene wamva nkhani yodabwitsa.

Tsikulo linali la mwezi wozizira, kamvula kowaza kakugwa kuyambira mbandakucha. Tinapha nsomba zambiri. Padoko anzanga anali ndi kabotolo ka kachasu koti tichotsere kuzizira m'mafupa, ndipo ndinamwako. Sindinaledzere moti n'kudzandira, ayi, ndinangomwa pang'ono. Nditafika kunyumba mayi ako anali atangomuyamwitsa mwana. Anati, "Ogula nsomba a ku Entre Lagos afika, ndikachedwa agula kwa ena. Mwanayu sindimutenga, kunjaku kukuwaza. Mumuone, sindichedwa." Ine ndinati, "Pitani, ife amuna awiri tisungana."

Atangochoka, mwana anayamba kulira. Ndinamunyamula, ndinamuyendetsa m'nyumba, ndinamuyimbira mluzu, koma ayi. Maso anga anali olemera ngati mwalowa mchenga. Ndiye ndinakumbukira kuti mwana ukamugoneka chafufumimba amagona msanga, ndipo amagona nthawi yaitali. Aliyense ankatero masiku amenewo, ngakhale amayi anga ankatero. Tinali ndi manta imodzi yokhuthala, bulangete lija, imene tinabwera nayo kuchokera ku Malawi. Ndinaipinda kanayi kuti pakhale pofewa, ndinamugoneka pamenepo chafufumimba, nsonga ina n'kumufunditsa mpaka kumutu kuti asamve mphepo yolowera pansi pa chitseko. Anasisima pang'ono, kenako anakhala chete. Ndinadziyamikira mumtima kuti ndikudziwa kulera. Ndinakoka ndudu imodzi muli m'nyumbamo, n'kugona pambali pake.

Sindidziwa kuti ndinagona nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandidzutsa ndi nkhuku imene inalowa n'kugwetsa mbale. Mvula inali itasiya. Ndinayang'ana mwana, ndinaona kuti ali momwe ndinamusiyira, koma nkhope yonse inali italowa m'mantamo. Ndinamugwira kumsana, kunali kofunda. Ndinamutembenuza. Tomasi, sindikuuza zimene ndinaona. Iwe uli ndi mwana tsopano, sindikufuna kuti chithunzi chimenecho chikhale m'mutu mwako. Ndinamugwedeza, ndinamuuzira mpweya m'kamwa monga timachitira ndi munthu amene tamuvuula m'madzi, ndinamuitana dzina. Anali atapita.

Mwana wanga, Lusiya uzimugoneka chagada. Msana pansi, nkhope kumwamba. Usiku chagada, masana chagada, ngakhale katulo ka kanthawi kochepa pamene mayi ake apita kukatunga madzi. Paulino sanapite usiku. Anapita dzuwa lili pamutu, anthu akuyenda panja, bambo ake ali pambali pake.

Kulakwa kotsatira ndi kumene kwandidya kwambiri. Ndisanaitane munthu aliyense, ndinachotsa manta ija n'kuipachika pachingwe pamene inkakhala. Mwana ndinamugoneka chagada pamphasa, n'kumufunditsa kansalu kake bwinobwino mpaka pachifuwa. Nditatero ndi pamene ndinatuluka n'kuyamba kukuwa. Mpaka lero sindimvetsa kuti manja anga anachita bwanji zimenezo mutu usanaganize. Ndinali mkamwini wopanda m'bale pafupi, ndipo pakamwa panga pankanunkha kachasu. Amalume awo a mayi ako, a Mateyu, amene anali mwini mbumba, anandifunsa maliro atatha kuti, "Tatiuzani, akamwini, zinayenda bwanji?" Ine ndinati, "Ndinamugoneka bwinobwino, ndinangomupeza atazizira." Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sanafunsenso.

Anthu salola kuti mwana wathanzi angopita popanda chifukwa, ndiye anachifunafuna chifukwacho mpaka anachipeza. Anayamba kunong'ona kuti ndi tsempho. Ankati mkazi wanji wosiya khanda n'kuthamangira kudoko, ndiye kuti pali wina mwa ogula nsomba aja amene ankamukoka mtima. Mayi ako akafika pachitsime akazi ankasiya kulankhula. Alongo anga enieni atabwera kudzapepesa anakana kudya chakudya chimene anaphika. Mayi ako anasiya kupita kudoko chaka chathunthu, anawonda mpaka kapulana ankaizunguliza kawiri. Ine ndinkaona zonsezo. Ndinkadziwa kuti mawu ochepa chabe akanatha kuwachotsera katunduyo, koma ndinkangotenga nkhafi n'kulowa m'nyanja. Tomasi, china chikadzalakwika m'nyumba mwako, chaching'ono kapena chachikulu, usadzalole kuti Amina asenze mlandu umene uli wako.

Iwe unabadwa patapita zaka ziwiri, ndipo pa iwe ndinalakwanso mwa mtundu wina. Ndinkaopa kukugwira. Mayi ako akati, "Tamulandirani ndisambe," ndinkapeza chochita msanga, kaya kusoka ukonde, kaya kunola mpeni wakuthwa kale. Unayamba kukhala pansi wekha ndisanakunyamulepo kopitirira kawiri. Mwina n'chifukwa chake mpaka lero ine ndi iwe timacheza bwino pokhapokha pali njinga yoti tikonze. Usachite zimenezi. Kuopa si kusamala. Umunyamule Lusiya, umusambitse, udziwe kaliridwe kake ka njala ndi ka tulo. Anzako akakuseka kuti ntchito ya akazi, aseke. Tsiku lina Amina adzadwala, kapena adzapita kumsika, ndipo mwana adzatsala ndi iwe wekha. Tsiku limenelo uyenera kukhala munthu wodziwa chochita.

Ndipo mantha omwewo anangotsala pang'ono kutipha tonse. M'mutu mwanga ndinali nditadzinamiza kuti mwina Paulino anapita ndi kuzizira, chifukwa bodza ukalinena kwa anthu nthawi yaitali umayamba kulikhulupirira pang'ono nawenso. Ndiye nyengo yozizira itafika, iwe uli ndi miyezi inayi, ndinkakakamiza mayi ako kuti akuveke zovala zitatu, chipewa cha ulusi, n'kukukulunganso. Usiku wina ndinalowetsa mbaula ya makala m'nyumba n'kutseka chitseko ndi zenera lomwe. Kutacha mayi ako anadzuka mutu ukuwawa, akusanza, ine miyendo ili zii. Iwe unali wofiira, tsitsi lonse litanyowa ndi thukuta, wolefuka ngati nsalu. Mayi ako anakutulutsa panja akukwawa, n'kukuvula zonse. Unalira patapita kanthawi, ndipo kulira kumeneko sindidzakuiwala.

Ndikunena zimenezi chifukwa kumene mukupitako n'kozizira kuposa kuno. Amene anakhalako amati ku Lichinga m'mawa mpweya umatuluka m'kamwa ngati utsi. Mudzafuna kulowetsa mbaula. Musalowetse. Muziothera panja, makala azizimira panja. Mudzafunanso kumuunjikira mwana mabulangete. Muvekeni zovala zokwanira, chimodzi chabe kuposa zimene mwavala inu, ndipo chofunda chikhale chopepuka, chofika pachifuwa basi, nsonga zake mutazipanikiza pansi kuti asachikokere kunkhope. Mapazi ake azikhala kumapeto kwa pogona pakepo kuti asatsetserekere m'kati mwa chofunda. M'nyumba asagone ndi chipewa. Ukafuna kudziwa ngati wazizidwa usagwire manja, manja a khanda amazizira nthawi zonse. Uzigwira pachifuwa kapena kukhosi kumbuyoku. Pakakhala thukuta, chotsako chimodzi.

Mwina ukudabwa kuti msodzi wosaphunzira ngati ine zimenezi wazitenga kuti. Ndikuuze. Mlongo wako Rozita atabadwa, iwe uli ndi zaka khumi, mayi ako anadwala mwendo uja, osatha kuyenda mtunda. Tsiku la sikelo litafika panalibe wina womutengera mwana kuchipatala. Ndinamumanga Rozita pachifuwa ndi kapulana n'kuyenda wapansi, njinga ndinaiopa. Pabenchi ndinali mwamuna ndekha pakati pa akazi oposa makumi awiri, ena Achiyao a kunyanja, ena akwathu, onse akundiseka chamumtima. Asanayambe kuyeza ana, kunabwera namwino wina wamkulu msinkhu, wochokera cha ku Cuamba, Chinyanja chake chosakanikirana ndi Chimakuwa. Ananyamula chidole. Anachigoneka chafufumimba patebulo n'kufunsa kuti, "Ndani amagoneka mwana chonchi?" Manja ambiri anakwera. Anachigoneka chammbali, manja enanso anakwera. Ndiye anati, "Kuyambira lero, chonchi basi," n'kuchigoneka chagada.

Ine ndinatsutsa, ndipo uku kunali kulakwa kwina, ngakhale kunandithandiza. Ndinaimirira n'kunena mokweza kuti, "Amayi, mukutinamiza. Mwana wogona chagada akabzikula mkaka atsamwa." Akazi aja anavomereza, wina anati, "Anena zoona abambowa." Ndinkafuna kuti namwinoyo agonje, chifukwa akapambana ndiye kuti ine ndinapha mwana wanga. Iye sanakwiye. Anati, "Papá, funso lanu ndi labwino, khalani pansi ndikuonetseni." Anajambula papepala njira ziwiri za pakhosi, ya mpweya ndi ya chakudya. Anati mwana akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi, ndiye mkaka ukabwerera umatsikiranso kwawo, kapena mwana amaumeza, kapena amapotoza mutu n'kuulavula. Koma akagona chafufumimba njira ya mpweya ndi imene imakhala pansi. Anatinso khosi la khanda lilibe mphamvu yodzutsira mutu mphuno zikatsekeka, ndipo mwana wogona chafufumimba amagona tulo tozama kwambiri, toti ngakhale mpweya ukamuchepera sadzidzimuka. Za chammbali anati n'zosadalirika, chifukwa mwana amangogubuduka pang'ono n'kupezeka wagona pamimba.

Anthu atatha ndinatsalira. Ndinamuuza kuti ndinali ndi mnzanga wina amene anagoneka mwana pa manta yopinda, n'kufotokoza zonse. Anamvetsera osandidula. Kenako anafunsa kuti, "Mnzanuyo anali atamwa?" Ndinati pang'ono. "Amasuta?" Ndinati eya. Anayang'ana Rozita amene anali m'manja mwangamo. Ndiye anati, "Mukamuuze mnzanuyo kuti palibe munthu amene anganene motsimikiza chimene chinatenga mwanayo. Alipo ana amene amapita m'tulo ngakhale makolo achita zonse bwino. Koma zimene mwatchulazo, chilichonse chimawonjezera ngozi, ndipo zikakumana pamodzi ngoziyo imakula. Mukamuuzenso kuti sanadziwe. Nthawi imeneyo panalibe amene anamuuza. Ankafuna kuti mwana wake afunde." Pamene ndinkatuluka anandiitananso n'kuti, "Papá, mnzanuyo ali ndi mwana wina tsopano, eti? Ameneyo ndiye amugoneke bwino."

Za fodya ndinachedwa kumvera. Tsiku lomwelo ndinasiya kusutira m'nyumba, koma ndinkasutira kuseri n'kubwera kudzanyamula Rozita malaya akununkha utsi. Anayamba chifuwa chosatha, ndipo titabwerera kuchipatala namwino yemwe uja anangonunkhiza malaya anga n'kundiyang'ana. Ndinasiya fodya mwezi womwewo, movutika kwambiri, ndinkatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Iwe ndinakuona ku Entre Lagos mwezi watha, kuseri kwa siteshoni, ndudu ili m'kamwa. Unaganiza kuti sindinakuone. Sindikukalipira, unaphunzira kwa ine. Koma utsi umakhala m'zovala, m'tsitsi, m'mpweya wa munthu, ndipo mwana wogona pafupi ndi wosuta amaupuma usiku wonse. Ngati sungathe kusiya lero, yamba ndi kusagona naye pamalo amodzi, ndipo m'nyumba musalowe utsi wa munthu aliyense, ngakhale mlendo wolemekezeka bwanji.

Tsopano za pogona. Wandiuza kuti sukulu yakupezerani chipinda chimodzi. N'chokwanira. Mwana azigona m'chipinda momwemo ndi inu, pafupi poti Amina angotambasula dzanja n'kumukhudza, koma akhale ndi pake. Kolishau yanu ija ndi yabwino kwa misana ya akuluakulu, kwa khanda ndi yofewa kwambiri. Pogona pa mwana pazikhala polimba ndi posalala, poti ukadina ndi chikhatho sipalowa. Sizifuna zinthu zodula. Rozita anagona miyezi isanu m'dengu lalikulu lija la pansi pophwatalala, titayalamo kamkeka kodula bwino ndi nsalu imodzi yokokedwa kuti isachite makwinya. Iwe ukapeza mmisiri wa matabwa akukhomere kabedi, ndi bwino. M'menemo musamakhale pilo, musamakhale chidole cha thonje, musamakhale nsalu zopindapinda zomutchingira m'mbali. Mukhale mwana yekha. Neti ya udzudzu ikhalepo masiku onse, koma yokokedwa bwino ndi yopanikizidwa, isalendewere pankhope pake. Ntchentche zikavuta masana, neti yomweyo ndiyo yankho, osati kapulana kumutu.

Ndikudziwa kuti usiku wozizira Amina adzamutengera pabedi kuti amuyamwitse, ndipo nthawi zina tulo tidzawaba onse awiri. Kuyamwitsa n'kwabwino, kumamuteteza mwana, usamuletse. Ntchito yako ndi yoti ukadzidzimuka umubwezere mwana pake, chagada. Ndipo pabedipo pasakhale mapilo ndi mabulangete olemera mbali imene kuli mwana. Koma tsiku limene wamwako, ngakhale botolo limodzi la pa chikondwerero cha aphunzitsi anzako, kapena wamwa mankhwala ogonetsa, kapena watopa kwambiri moti sungamve munthu akugogoda, ugone pamphasa pansi, kutali ndi mwana. Ine ndinagona pafupi ndi Paulino ngati mkono umodzi, ndipo ngati analira, sindinamve.

Palinso china chimene ndakuona ukuchita. Umakonda kukhala pampando mwana atagona pachifuwa pako, iwe ukuwerenga. N'zokoma kuona, ndipo ukakhala maso palibe vuto. Koma kumeneko udzakhala ndi makope a ana a sukulu oti uchonge, udzatopa, ndipo mutu udzagwa osadziwa. Mwana amatsetsereka n'kupanikizika pakati pa thupi la munthu ndi mpando. Ukangomva kuti maso akulemera, imirira, kamugoneke pake. Mawa m'shapa, minibasi ija, ndi m'komboyo chimodzimodzi. Amina akamubereka kapena kumufukata, nkhope ya mwana izioneka nthawi zonse, mphuno ili poyera, chibwano chisagwere pachifuwa. Fumbi likachuluka mutseke zenera, musatseke mwana.

Kumeneko mudzapeza anthu okoma mtima amene adzakuphunzitseni kulera. Adzati mwana wogona chagada mutu umaphwatalala kumbuyo. Yankho lake ndi loti akakhala maso, masana, muzimuika chafufumimba pamkeka kanthawi pang'ono inu mukumuyang'ana, azilimbitsa khosi, ndipo pomugoneka muzisinthasintha mbali imene kwaloza mutu. Adzati mwana wa m'mimba mopweteka amapeza bwino akagona pamimba. Mumunyamule paphewa, mumusisite kumsana mpaka ageye, koma tulo tikabwera, chagada. Adzati ife tonse tinagona chafufumimba ndipo tili moyo. N'zoona, ambiri tili moyo. Amene sali moyo sangabwere kudzatsutsa. Ikadzafika nthawi yoti Lusiya akutha kudzigubuduza yekha uku ndi uku, musamavutike kumutembenuza usiku wonse, koma poyamba pomugoneka pazikhala pomwepo, msana pansi, kufikira atakwanitsa chaka. Ukakayika china, kafunse kuchipatala, usachite manyazi kukhala pabenchi ya akazi.

Pomuuza Amina usalankhule ngati mphunzitsi m'kalasi. Iye sanalakwe kanthu, anachita zimene amayi ake anamuonetsa, ndipo amayi akewo analera ana asanu ndi awiri ndi chikondi chenicheni. Ndi mtsikana wa zaka makumi awiri amene mawa akusiya amayi ake, nyanja yake ndi anthu olankhula Chiyao chake, kupita kumene sakudziwa aliyense koma iwe. Ukamuopseza adzasiya kugona, azidzangokhalira kuyang'ana ngati mwana akupuma, ndipo mayi wosagona amadwala. Umuuze modekha. Ngati ukuona kuti n'kothandiza, muwerengere kalatayi yonse, ndakuloleza. Zimene ine sindingathe kunena kwa apongozi anga pamaso, pepala linganene.

Chatsala ndi chimodzi. Sindikanatha kukulembera zonsezi mayi ako asakudziwa, chifukwa ukanadzawayang'ana mawa ndi maso ena iwo osamvetsa. Ndiye lero m'mawa ndinawapeza pathandala akutembenuza matemba anu aja kuti aumitsitse. Ndinaima mbali inayo n'kuyamba kutembenuza nawo. Anadabwa, chifukwa si ntchito imene ndimaigwira. Ndinati, "Amake Tomasi, ndili ndi mawu a Paulino." Dzina limeneli linali lisanatchulidwe pakhomo pano kuyambira iwe usanabadwe. Manja awo anaima. Ndinanena zonse, za kachasu, za manta, za mmene ndinamutembenuzira ndisanakuwe. Ndinkayang'ana nsomba, nkhope yawo ndinkaiopa.

Nditamaliza anati, "Ndinkadziwa."

Ndinati, "Munkadziwa chiyani?"

Anati, "Ndine ndinamunyamula poyamba nditafika. Tsaya lake ndi pachipumi panali mizere ya ulusi wa manta. Mphasa siisiya mizere yotero. Ndipo manta imene munapachika pachingwe inali yonyowa pakati."

Ndinakhala pansi pomwepo, pamchenga. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene, pamene anthu ankawanyoza pachitsime, pamene alongo anga ankakana chakudya chawo. Anati, "Ndikananena, amalume akanakupitikitsani tsiku lomwelo. Ndikanataya mwana ndi mwamuna sabata imodzi. Ndipo ndinaona mmene munapindira mantayo. Munthu wofuna kupha mwana sapinda manta kanayi."

Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana, maso ali ofiira koma osalira. Anati, "Za manta ndinakukhululukirani kalekale, maliro asanathe. Chimene chinkandipweteka n'chakuti ndinkadikira kuti munene nokha. Chaka chilichonse ndinkati mwina chaka chino. Tsitsi lachita kutuwa ndikudikira."

Ndinati, "Pepani." Ndi mawu okhawo amene ndinali nawo, ndipo ndinamva kuchepa kwake.

Anati, "Ndamva. Koma musayembekeze kuti ndiseka lero. Dzukani, nsombazi zikufuna kutembenuza, ana akunyamuka mawa."

Ndinadzuka. Tinatembenuza thandala lonse mpaka kumapeto. Titafika kumapetoko anandipatsa madzi m'chikho chimene amamwera iwo.

Muyende bwino, mwana wanga. Mukafika utiimbire foni, ndipo uyambe kulankhula ndi mayi ako.

Ndine bambo ako,
Alberto